Poizoni Amene Diso Silingaone: Momwe Amapezera Mercury, Mtovu ndi Arsenic

 

Nthawi zambiri tikamakamba za madzi akumwa timati wiritsani, kapena thiranimo Certeza. Malangizo amenewo sanasinthe, chifukwa ndi amene amatiteteza ku kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba. Koma pali poizoni wina amene moto sumupha ndipo Certeza samugonjetsa, chifukwa si kachilombo kamoyo. Ndi zinthu zochokera m'nthaka ndi m'miyala. Madzi amene muli poizoniyu amatha kukhala oyera mbee, osanunkha, okoma bwinobwino. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Lero tikambirana za mitundu itatu ya poizoniyu, momwe akatswiri amaipezera, ndi zimene inu mungachite.

Kodi amachokera kuti?

Woyamba ndi mercury, amene ambiri timamutchula m'Chipwitikizi kuti mercúrio. Okumba golide kuno ku Tete ndi ku Manica amamudziwa bwino: ndi chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija chimene amasakaniza ndi mchenga kuti chigwire golide. Akamaotcha kampira kaja kuti golide atsale yekha, mercury amasanduka mpweya wopanda mtundu ndi wopanda fungo. Woupuma kwa nthawi yaitali amayamba kunjenjemera manja, kuiwalaiwala, kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga, ndipo impso zimaonongeka. Mercury wotayikira mumtsinje amasinthidwa ndi tizilombo ta m'matope n'kulowa m'nsomba. Nsomba zikuluzikulu zodya zinzake ndi zimene zimakhala naye wambiri. Mayi woyembekezera akamadya nsomba zotere kawirikawiri, ubongo wa mwana m'mimba ndi umene umavulala. Zinachitika ku Minamata m'dziko la Japan, kumene matendawa anadziwika mu 1956 fakitale ina itathira zonyansa m'nyanja. N'chifukwa chake pangano la mayiko lochepetsa mercury, limene linasainidwa mu 2013, limatchedwa ndi dzina la mzinda umenewo.

Wachiwiri ndi mtovu. Umapezeka m'mabatire a galimoto ndi a sola, mu penti wina wakale, ndi m'miyala ina ya m'migodi. Amene amaphwanya mabatire pakhomo kapena kusungunula mtovu kuti apange zolemetsa ukonde amafalitsa fumbi lake pabwalo pamene ana amakwawa. Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akulimbanabe ndi dothi la mtovu mpaka lero, ngakhale mgodi wawo unatsekedwa mu 1994.

Wachitatu ndi arsenic. Uyu m'malo ena amatuluka yekha m'miyala ya pansi n'kulowa m'madzi a pa mjigo. Amadwalitsa pang'onopang'ono, pakatha zaka: mawanga pakhungu, zikhatho ndi mapazi kukhakhala, kenako khansa.

Chifukwa chake kuyeza n'kofunika

Mu 2010, m'midzi ya m'chigawo cha Zamfara ku Nigeria, ana aang'ono anayamba kukomoka ndi kumwalira. Poyamba ankapatsidwa mankhwala a malungo, koma sankachira. Madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anatumiza magazi a anawo kukayezedwa, ndipo anapezeka kuti ali ndi mtovu wochuluka kwambiri. Miyala ya golide imene makolo ankapera m'makomo mwawo inali ndi mtovu, ndipo ana ankameza fumbi lake. Ana pafupifupi 400 anamwalira. Imfa zinachepa pamene anapala dothi loipalo m'midzi, n'kuthira labwino, ndi kupatsa ana mankhwala otulutsa mtovu m'thupi. Taonani omvera: bola choyambitsa chisanadziwike, mankhwala ankaperekedwa koma ana ankapitabe. Chimene chinatsegula maso a anthu ndi kuyeza.

Chitsulo chilichonse chili ndi chizindikiro chake

Nanga munthu amapeza bwanji chinthu chimene sachiona? Amayi, yankho munaliona kale kukhitchini. Mchere ukagwera pa lawi la moto, kapena ndiwo zamchere zikasefukira pa mbaula ya gasi, lawi limasanduka lachikasu. Mkuwa ukapsa umapereka lawi lobiriwira. Si matsenga ayi. Chitsulo chilichonse chikatenthedwa kwambiri chimatulutsa kuwala kwa mtundu wakewake, monga munthu aliyense ali ndi chidindo chake cha chala. Cha m'ma 1860, akatswiri awiri a ku Germany, Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff, anasonyeza kuti poyang'ana bwino kuwala kwa lawi munthu angathe kudziwa zitsulo zimene zilimo. Anaonanso kuti chitsulo chimameza kuwala kwa mtundu womwewo umene chimatulutsa.

Mu 1955, Alan Walsh wa ku Australia anafotokoza momwe nzeru imeneyi ingagwirire ntchito poyeza kuchuluka kwa chitsulo. Njirayi imatchedwa atomic absorption, ndipo ikugwirabe ntchito m'malabotale ambiri. Zimayenda chonchi. Makina amaponyera madzi oyezedwawo pa lawi lotentha kwambiri ngati nkhungu. Mbali ina kuli nyale yapadera yotulutsa kuwala kumene mtovu wokha umameza. Mbali inayo kuli kachipangizo kowerenga kuwala kumene kwadutsa. Ngati m'madzimo mulibe mtovu, kuwala konse kumadutsa. Ngati ulimo, kwina kumamezedwa, ndipo mtovu ukachuluka kuwala kodutsa kumacheperachepera. Pofuna chitsulo china, amasintha nyale.

Mercury safuna lawi, chifukwa amasanduka mpweya mosavuta. Amathira mankhwala m'madzimo kuti atuluke ngati mpweya, n'kumudutsitsa m'kachubu kowalitsidwa ndi nyale yake. Palinso makina amphamvu kwambiri otchedwa ICP-MS, amene amatentha madziwo kuposa moto uliwonse wa pa chipala, n'kusiyanitsa tizidutswa ta zitsulo malinga ndi kulemera kwake. Amenewa amayeza zitsulo zambiri nthawi imodzi, koma ndi okwera mtengo ndipo amafuna magetsi osadukaduka.

Makina paokha sadziwa kanthu. Asanayeze madzi anu, katswiri amayamba wayeza madzi oyera opanda chitsulo chilichonse, kenako madzi amene iye mwini wathiramo mlingo wodziwika. Zili ngati wogulitsa pamsika amene amayamba waika mwala wa kilogalamu imodzi pa sikelo kuti aone ngati sikeloyo ikunena zoona.

Kuchepa kwake

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamayikulogalamu 10 a arsenic pa lita imodzi, ndipo mtovu chimodzimodzi, mamayikulogalamu 10. Mawu amenewa ndi achilendo, ndiye tiyerekeze. Tengani supuni yaing'ono ya tiyi ya mchere, pafupifupi magalamu 5. Muisungunule m'zidebe 25,000 za malita 20. Mlingo umene ungakhale m'lita iliyonse ndi umenewo. Palibe lilime limene lingaumve. Choncho munthu akati, "Madzi awa ndawalawa, ndi abwino," wakuuzani za kukoma kwake kokha.

Zoyezera zofika kumudzi

Si kuyeza konse kumene kumafuna labotale ya mumzinda. Pali kabokosi koyezera arsenic pa mjigo pomwepo. Amathira madzi m'kabotolo, amaonjezera ufa wa zinc ndi asidi, n'kutseka ndi chivindikiro chimene pali kapepala koyera. Ngati arsenic alimo amatuluka ngati mpweya n'kusintha kapepalako: chikasu akakhala wochepa, kuderako akachuluka. Pakatha mphindi pafupifupi 20 amayerekeza kapepalako ndi tchati cha mitundu. Ntchitoyi imachitikira panja chifukwa mpweyawo ndi woipa. Ku Bangladesh, kumene arsenic anapezeka m'mijigo mu 1993, anayeza mijigo mamiliyoni ndi timabokosi totere. Yoipa anaipaka penti wofiira pakamwa, yabwino wobiriwira. Anapezanso kuti mijigo iwiri yoyandikana imatha kusiyana, wina woipa wina wabwino. N'chifukwa chake mjigo uliwonse umayezedwa pawokha.

Poyeza dothi, penti kapena miphika pali makina ogwira m'manja otchedwa XRF. Amaalozetsa pa dothi, amatulutsa cheza cha X-ray, ndipo chitsulo chilichonse chimabweza cheza chakechake. Yankho limatuluka m'kanthawi kochepa. Makina otere ndi amene anathandiza ku Zamfara kudziwa mabwalo oyenera kupalidwa. Zoyezera zam'manja zikasonyeza choopsa, amatumizabe zina ku labotale kuti atsimikize. M'dziko lathu muno, ku Maputo kuli Laboratório Nacional de Higiene de Águas e Alimentos, imene ili pansi pa Unduna wa Zaumoyo.

Kuyeza munthu

Poizoni aliyense amafunidwa kumene amabisala. Mtovu amauyeza m'magazi. WHO imati mwana akapezeka ndi mamayikulogalamu 5 kapena kuposa pa desilita imodzi ya magazi, pafufuzidwe kumene mtovuwo ukuchokera ndi kuuchotsa. Palibe mlingo wa mtovu umene tinganene kuti ndi wabwino kwa mwana, ndipo ana ambiri amene ali nawo saoneka odwala: amangovutika kuphunzira. Ngati akutenga magazi pachala, chalacho chisambitsidwe bwino ndi sopo, chifukwa fumbi lapakhungu lingakweze nambala. Nambala ikakwera, atengenso magazi a mumtsempha.

Mercury wopuma poocha golide amamuyeza mu mkodzo. Mercury wa m'nsomba amamuyeza m'magazi kapena m'tsitsi. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, choncho limasunga mbiri ya miyezi yapitayo. Tikudziwa kuti kupereka tsitsi kwa mlendo kumadetsa nkhawa ambiri. Muli ndi ufulu wofunsa: ndinu ndani, chilolezo chanu cha a zaumoyo chili kuti, tsitsili likupita kuti, ndipo yankho mudzatiuza liti? Ofufuza enieni amadzera kwa amfumu ndi ku chipatala, amafotokoza, ndipo sakakamiza munthu.

Mukapemphedwa kutunga madzi okayezedwa

Yankho labwino limayambira pa botolo. Gwiritsani ntchito botolo limene a zaumoyo akupatsani, osati la mafuta ophikira, la mowa kapena la mankhwala a m'munda. Mabotolo ena amakhala kale ndi timadontho ta asidi toletsa chitsulo kumatirira m'mbali, choncho musatsuke musanafunse. Pa mjigo, pukusani kaye kwa mphindi zingapo pokhapokha atakuuzani zina. Musalowetse chala m'kamwa mwa botolo. Lembani dzina la malo, tsiku ndi nthawi. Madzi a mumtsinje amasintha pakati pa dzinja ndi chilimwe, ndiye kuyeza kamodzi sikunena za chaka chonse.

Yankho likabwera, safunsa anadya phula. Funsani zinthu zitatu. Kodi mwayeza chiyani? Pepala lonena kuti madzi alibe tizilombo silinanene kanthu za mtovu kapena mercury. Kodi nambala yake ndi iti, ndipo malire ovomerezeka ndi ati? Nanga ife tichite chiyani? A komiti ya madzi, sungani pepalalo, chifukwa ndilo mudzayerekeze nalo chaka chamawa.

Zimene mungayambe lero

Simuyenera kudikira labotale kuti muteteze banja. Abambo okumba golide, musaotchere mercury m'nyumba, m'khitchini kapena pamafuwa ophikirapo. Chitani patali ndi nyumba, ana ndi amayi oyembekezera ali kutali. Gwiritsani ntchito retort, chiwiya chotseka chimene chimaziziritsa mpweya uja kuti ubwerere kukhala mercury. Ku Munhena, ku Manica, okumba anaphunzitsidwa kupanga chiwiyachi ndi mbale wamba ndi mapaipi. Chimateteza mapapo, komanso mercury wogwidwayo mumamugwiritsanso ntchito m'malo mogula wina. Musatsukire mumtsinje umene anthu amamwa. Kumbani dziwe lapadera kutali ndi madzi.

Musaperere miyala ya kumgodi pakhomo, ndipo mtondo kapena beseni la kumgodi lisabwererenso ku chakudya. Sambani ndi kusintha zovala musananyamule mwana. Batire lakufa musaliphwanye pakhomo. Sambitsani ana m'manja asanadye. Ngati mjigo wapezeka ndi arsenic kapena mtovu, kuwiritsa sikuthandiza. Madzi akaphwa, poizoniyo amatsalira mumphika. Tungani madzi akumwa ndi ophikira pamalo ena oyezedwa. Ndipo mukapita ku chipatala, kaya mwana wakomoka kaya inu mukunjenjemera manja, uzani adokotala kapena wa zaumoyo wa m'dera lanu ntchito imene mumagwira. Mawu amenewo ndi amene angawathandize kuganiza zoyeza.

Kwa aphunzitsi ndi ana asukulu

Aphunzitsi a Química, phunziro ili silifuna zipangizo zodula. Kamchere pang'ono pa lawi kakwanira kusonyeza ophunzira kuti chitsulo chili ndi mtundu wake. Waya wokutidwa ndi pulasitiki musaotche, utsi wake ndi woipa. Pa masamu, apatseni funso la supuni ndi zidebe lija aliwerengere okha. Atumeni ajambule mapu a mudzi osonyeza mijigo, zitsime, mitsinje ndi malo otsukira golide. Mapu otere amathandiza a zaumoyo kudziwa koyambira kuyeza.

Inu atsikana ndi anyamata amene mumakonda sayansi, limbikirani. Chigawo chathu chili ndi migodi yambiri, ndipo chikufuna anthu odziwa kuyeza amene angathenso kuimirira pabwalo la amfumu n'kufotokoza nambala m'chilankhulo chathu. Ku Instituto Superior Politécnico de Tete kuli maphunziro a za migodi, ndipo ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo kuli maphunziro a Química.

Ngati muli ndi nkhawa ndi madzi kapena dothi la kwanu, kambiranani ndi komiti ya madzi ndi amfumu, kenako kaoneni a zaumoyo ku chipatala cha boma lanu.