Kuluka bulangete: kupumitsa mutu kudzera m'manja

(Mawu omwe adayankhulidwa pa msonkhano wathu wa Loweruka)



Tisanamizane, ambiri a ife usiku tulo sitibwera. Wina akudikira zotsatira za MSCE, wina wafunsira ntchito mpaka kutopa, wina kunyumba kulibe mtendere. Timathawira pa foni, koma tikaizimitsa maganizo aja amakhala alipobe, eti? Lero ndabwera ndi kanthu kakang'ono: kuluka bulangete ndi singano ya crochet, ija yokhala ndi kambedza kumapeto, yomwe amayi athu amalukira madoyilo.

Chinsinsi chake n'kuwerenga. Poluka umabwereza chinthu chimodzimodzi: kulowetsa singano, kukola ulusi, kukoka. Wani, thu, fili, tcheni. Mutu sungawerenge bwino uku ukulimbana ndi za mawa. Pakapita mphindi zingapo umangoona kuti mapewa amasuka ndipo ukupuma mofatsa.

Anyamata, ndakuonani mukuseka kumbuyoko. Tom Daley wa ku Britain adapata mendulo ya golide pa masewera odumphira m'madzi ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021, ndipo makamera adamujambula akuluka pakati pa anthu oonerera. Iye adanena kuti kuluka kumamukhazika mtima pansi. Ndiye inu manyazi a chiyani?

Zofunika n'zochepa: singano ya 5 mm, ulusi wonenepa pang'ono, ndi sizasi. Sankhani ulusi wowala, chifukwa wakuda umavuta kuona polowetsa singano. Ngati m'thumba mulibe, gulani juzi yakale pa kaunjika, muimasule, ulusi ndi umenewo basi.

Musayambe ndi bulangete lonse, mudzagwa ulesi. Yambani ndi tizidutswa ta makona anayi, timene amati granny square. Mumaluka tcheni zinayi n'kuzilumikiza kukhala kamphete, kenako n'kumazungulira mpaka kachidutswako kakwane 10 cm mbali zonse. Tizidutswa 63, tisanu ndi tiwiri m'lifupi, tisanu ndi tinayi m'litali, timapanga bulangete la mwana la 70 cm kwa 90 cm. Kamodzi patsiku, m'masabata asanu ndi anayi latha. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mukalakwitsa musadandaule. Kokani ulusi, zonse zimamasuka, muyambirenso. Kutaya palibe.

Koma tamvetsetsani: kuluka si mankhwala. Ngati maganizo akukulemerani kwa masabata, simukudya, kapena mukuganiza zodzivulaza, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani kuchipatala. Zoterezi sitisenza tokha.

Pempho langa ndi ili: Loweruka likudzali aliyense abwere ndi ulusi, odziwa aphunzitse osadziwa. Tikakhala 21, aliyense tizidutswa titatu, bulangete lakwana. Tidzagwirizane mwana woti timupatse kuzizira kwa Juni kusanafike.