Tisanagogode pa makomo a anzathu achisilamu

Komiti yatiuza kuti tchuthi chikubwerachi tikayende khomo ndi khomo kulalikira, kuyambira pa Liwaladzi pano mpaka m'madoko a asodzi. Ine ndavomera. Koma makomo ambiri amene tikagogodeko ndi a Asilamu, ndiye tiyambe tadziwa kuti tikupita kwa ndani.

Chisilamu si mlendo kuno ayi. Salim bin Abdallah, amene timamudziwa kuti Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, akuchita malonda a minyanga ndi akapolo. David Livingstone atafika kuno mu 1861 anapeza malondawo ali m'chimake. Mishoni ya Anglican ya UMCA inadzakhazikika mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895, anaikidwa mu tchalitchi cha All Saints pa boma paja. Werengani zakazo nokha: Chisilamu chinatsogola ndi zaka pafupifupi makumi asanu. Nkhani ya akapolo ndi yoona, koma musakaisenzetse gogo wosoka ukonde amene agogo ake mwina ndi amene ankagulitsidwawo.

Chimene chimandivutitsa maganizo ine ndi sukulu. Nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo makolo achisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akabwera ndi dzina lina, chipembedzo china. Ambiri anangosunga ana awo ku madrasa. Bala limenelo silinapole bwinobwino. Mu 2019 ku Mmanga, m'boma la Balaka, kunabuka ziwawa pa nkhani ya atsikana ovala hijabu pa sukulu ya mpingo, mpaka atsogoleri a zipembedzo ziwirizi anasainirana pangano mu 2021 kudzera ku Public Affairs Committee. Ndiye ganizo lija loti tikatenge makope ndi sopo n'kumagawira okhawo amene avomera kupemphera nafe, ine ndikulikana. Amenewo ndi mantha omwe aja a makolo, tangowakulunga mu pepala latsopano. Ngati tili ndi sopo, tigawire aliyense tsiku lina, popanda ulaliki.

Chinanso, musakayambe ngati mukufotokoza za munthu amene sanamumvepo. Yesu amamudziwa kuti Isa, mneneri wobadwa kwa namwali Mariamu, ndipo mu Qur'an muli sura yathunthu ya dzina la mayi ameneyu. Pamene timasiyana ndi pa mtanda komanso pa mawu oti Mwana wa Mulungu. Akakufunsani, yankhani zoona, osazembazemba, koma osakweza mawu. Naye akafuna kukuuzani za Mtumiki Muhammad, khalani pansi mumve. Wapatsa mpando ndi iyeyo, eti?

Zing'onozing'ono izi musazipeputse. Lachisanu masana anthu ali ku mzikiti, tisapite. Pofika pakhomo odi kaye, mupereke moni kwa akuluakulu, ndipo anyamata musathamangire kupereka dzanja kwa amayi. Tikawaitanira chakudya, nkhuku azinge Msilamu, nkhumba isayandikire n'komwe mapoto. Akati "zikomo, ife ayi", tsanzikani bwino muzipita, chifukwa mawa tikumananso nawo pa doko pogula usipa, ndipo maliro akagwa m'mudzi muno tikakhala nawo pa siwa limodzi.

Amene mukufuna kupita nawo, lembetsani mayina kwa mlembi tikatha pano. Tiziyenda awiriawiri, atsikana kwa amayi, anyamata kwa abambo.