Insulini kwa munthu wopanda matenda a shuga?

Lero ndikufuna tikambirane za kuchipatala. Impso zikalephera kugwira ntchito, mchere wotchedwa potaziyamu umachuluka m'magazi. Mlingo wabwino ndi 3.5 mpaka 5, ukapitirira 6.5, mtima ukhoza kuima mwadzidzidzi. Apa madokotala amapereka insulini kudzera mumtsempha pamodzi ndi shuga. Insuliniyo imakankhira mcherewo m'maselo a thupi, ndipo mkati mwa mphindi 30 umayamba kutsika m'magazi. Koma m'thupi sunachoke ayi, impsozo zimafunikabe chithandizo.

Choncho m'bale wanu akabayidwa insulini, musamati alakwitsa. Inu odwazika matenda, mukaona wodwala akutuluka thukuta, akunjenjemera kapena akusokonezeka, itanani anamwino msanga, mwina shuga watsika. Kunyumba musayerekeze kubaya nokha.