Phala Lopanda Nsinjiro

Anzathu anena kale za masheya ndi chiwongoladzanja. Ife a gulu la pamsika tikambako za mwana wa membala mnzathu.

Mwanayu atakwanitsa miyezi 6 anayamba kudya phala. Tsiku limene mayi ake anathiramo nsinjiro, milomo ndi zikope zinatupa, ziwengo thupi lonse, kupuma movutikira. Unali usiku. Ndalama ya galimoto yothamangira kuchipatala inachokera m'thumba la zadzidzidzi, lija timasonkha monyinyirika lija. Pambuyo pake adokotala anapeza kuti mazira ndi mkaka wa ng'ombe nazonso zimamuwenga.

Tangoganizani, amayi: ndiwo zotendera ayi, chiponde ayi, mabisiketi ayi. Mayi ake analira kuti mwana adzakula ndi chiyani.

Tinakhala pansi ndi alangizi a zaumoyo. M'phala la mgaiwa tinayamba kuthira ufa wa usipa ndi kasupuni ka mafuta a mpendadzuwa. Masiku ena chipere, peyala, maungu kapena mbatata yofiira mkati. Chakudya chatsopano timayamba chimodzi chokha, n'kudikira masiku angapo. Bere sanamusiyitse mpaka zaka 2. Kusikelo anayamba kukwera.

Ali ndi poto, mthiko ndi mtondo wakewake, chifukwa mtondo wosinjira mtedza sutha mafuta. Kuchigayo timafunsa ngati watsogola sanasakanize mtedza m'chimanga chake. Tikapita kokaoda katundu, timawerenga mapaketi: ku Johannesburg timayang'ana mawu akuti "may contain", ku Tete "amendoim", "leite" ndi "ovo".

Chovuta kwambiri chinali anthu. Agogo ake ankati, "Muzimulawitsa pang'onopang'ono, azolowera." Tinapita atatu kukawafotokozera mwaulemu kuti kulawitsako ndi kwa adokotala, osati kwa ife pakhomo. Lero mayi ake akakwera basi ya ku Joni, agogowo ndi amene amatchingira mbale ya mdzukulu.

Tikupempha ziwiri. Thumba la zadzidzidzi lisamadikire maliro okha, lizithandizanso mwana wodwala. Ndipo musanapatse mwana wa mnzanu chakudya pamsika, funsani kaye mayi ake. Mukaona kutupa kapena kubanika, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala.

Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.