THUMBA LOPHA NANKAFUMBWE POPANDA MANKHWALA

Mau oyankhulidwa kwa alimi pa nyengo ya masika

Nkhani ya lero iri ya mdani amene mlimi ali yense amdziwa, ndiye nankafumbwe, ndi ya anthu ophunzira a ku dziko lakutali amene anatha zaka zambiri alikufunafuna njira ya kumgonjetsa.

Caka ndi caka zinthu zimayenda motere. Mlimi walima, wapalira, wakolola, ndipo nkhokwe yadzala. Koma podziwa kuti dzuwa likayamba kutentha cimanga cidzafumbwa, agulitsa cambiri msanga, pa nthawi imene ali yense alikugulitsa ndipo mtengo uli pansi. Pofika Januwale ndi Febuluwale mlimi yemweyo apita kukagula ufa pa mtengo wowawa, kapena kukagwira ganyu m'munda wa mnzace, wace ulikumera udzu. Munthu wotere si wopusa iai. Waganiza bwino kuti ndalama zocepa ziposa kudyetsa tizirombo. Ndipo kuyambira caka ca 1993, pamene nankafumbwe wamkuru anaoneka koyamba ku Nakonde atalowa kucokera ku Tanzania, bvutoli linakulirakulira, pakuti ameneyu aboola cimanga cosatonola, ngakhale mitengo ya nkhokwe yomwe.

Ku America, m'cigawo ca Indiana, kuli sukulu yaikuru yochedwa yunivesite ya Purdue. Alimi ena amafunsa kuti anthu a m'masukulu otere amacita ciani, popeza khasu sagwira. Kuphunzitsa anyamata ndi asungwana ndi mbali imodzi cabe ya nchito yao. Mbali ina ndiyo kufufuza, kuyesa cinthu kawiri-kawiri kufikira cidziwike cifukwa cace cicita monga cicitira.

M'caka ca 1987 mphunzitsi wina wa pa sukuluyo, Bambo Larry Murdock, katswiri wa za tizirombo, anayamba nchito pamodzi ndi ofufuza a dziko la Cameroon ku Maroua, kumpoto kwa dzikolo. Mbeu imene anali kuifunira cipulumutso sinali cimanga, koma khobwe, amene ena kuno amachula nyemba. Khobwe ali ndi nankafumbwe wace-wace, woopsa ndithu, wokhoza kusandutsa thumba lonse gaga m'miyezi yowerengeka.

Ofufuzawo anayamba ndi kufunsa alimi mmene amasungira mbeu zao. Alimi a m'maiko a kumeneko ena amasakaniza khobwe ndi phulusa, ena amamyanika pa dzuwa, ena amamtsekera m'migolo yacitsulo. Njira zonsezi zinayesedwa. Phulusa linapezeka kuti ligwiradi nchito, koma lifunika lambiri, lolingana ndi khobwe yemwe. Nanga munthu wa matumba khumi adzalipeza kuti? Mgolo ndi wabwino koma ndi wa mtengo wapatali. Tsono anaganiza za matumba a pulasitiki, lina m'kati mwa linzace, omangidwa kolimba kuti mpweya usalowe.

Apa ndi pamene pakuoneka ubwino wa yunivesite, pakuti m'menemo akatswiri a nchito zosiyana-siyana akhala pa bwalo limodzi. Mphutsi ya nankafumbwe idya iri m'kati mwa njere, kumene diso silingaione. Cotero odziwa za tizirombo anagwirizana ndi katswiri wa za magetsi, napanga makina akumva phokoso la mphutsi irikutafuna m'kati mwa njere imodzi, phokoso limene khutu la munthu silingathe kulimva. Ndi makinawo anakhoza kudziwa nthawi imene mphutsi irikudya ndi nthawi imene yaleka.

Cimene anapeza ndi ici. M'mpweya umene anthu apuma, magawo 21 pa 100 ali onse ndi mpweya wopatsa moyo, umene ophunzira amaucha okosijeni. Thumba likamangidwa, tizirombo tiri m'katimo tipitiriza kupuma, ndipo pakupumapo timaliza tokha mpweya wa moyowo. Ukatsika kwambiri tileka kudya, tileka kukula, tileka kuswana. Ambiri anali kuyesa kuti timafa ndi kubanika basi, koma m'caka ca 2012 Bambo Murdock ndi anzace anaonetsa kuti cotipha ceni-ceni ndi ludzu. Kacirombo kokhala m'mbeu youma sikamwa madzi. Kamadzipangira madzi m'thupi mwace pogaya cakudya ndi mpweya uja. Mpweyawo ukasowa, madzi asowanso, ndipo kacirombo kauma nikafa. Ncodabwitsa kuti mdani wa m'nkhokwe afa imfa yonga ya ng'ombe ya pa cilala, ali pakati pa cakudya.

Nzeru imeneyi inakhala zaka zambiri osafika kwa alimi oculuka, cifukwa panalibe wopanga matumba oyenera, ndiponso panalibe wowagulitsa ku midzi. Nchito imeneyo inafuna akatswiri enanso, a za cuma ndi malonda. M'caka ca 2007, patapita zaka 20 ciyambire nchito ya ku Maroua, bungwe la Bill ndi Melinda Gates linapereka ndalama, ndipo matumba anayamba kupangidwa m'mafakitale a mu Africa momwe, nachedwa PICS. Anawaonetsa m'midzi yoposa 30,000 ya maiko khumi a kumadzulo ndi pakati pa Africa. Kaonetsedwe kace kanali kanzeru: thumba limangidwa pamaso pa mudzi wonse, ndipo itapita miyezi ingapo limasulidwa pamaso pa anthu omwewo, kuti wokayika apise dzanja lace yekha. Pambuyo pace anayesa cimanga, mapira, nyemba ndi mbeu zina, ndipo kuyambira 2014 nchitoyo inafalitsidwa ku Tanzania, ku Malawi ndi ku maiko ena. Lero matumba osalowa mpweya, a PICS ndi a maina ena, apezeka kwa ogulitsa zipangizo za ulimi m'dziko muno, ndipo mlangizi wa zaulimi angathe kulozera mlimi kumene ali.

Thumba la PICS liri ndi matumba atatu: awiri a pulasitiki wokhuthala m'kati, ndi saka loluka kunja lowacinjiriza. Koma thumbalo lokha silipulumutsa cimanga ca munthu wamphwayi.

Cacikuru koposa zonse ndi kuumitsa. Cimanga cacinyontho cikatsekeredwa cidzaola ndi kununkha, ndipo mwini wace adzanena kuti thumba nlacabe, pamene colakwa nca iye mwini. Ophunzira ati cinyontho cisapitirire magawo 13 pa 100. Wopanda makina oyesera atenge botolo louma, athiremo mcere wouma bwino ndi cimanga ca dzanja limodzi, atseke, akhuchumule, nalisiye kanthawi. Mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, cimangaco cibwerere pa dzuwa. Cikauma cipetedwe, pakuti zitsononkho ndi timitengo ndizo ziboola pulasitiki.

Asanathire kanthu, mlimi akole mpweya m'thumba liri lonse la pulasitiki, agwire kukamwa, nalipsinje kuti aone ngati liri ndi ciboo. Pothira asiye malo okwanira kumangira. Ayambe ndi thumba la m'kati: afinye mpweya wonse uturuke, apotokole kukamwa, apinde, namange ndi cingwe. Acite cimodzi-modzi ndi laciwiri, pomaliza ndi saka la kunja, liri lonse pa lokha. Kumanga onse atatu ndi cingwe cimodzi ndiko kulakwa kumene ambiri amacita.

Mankhwala safunika konse. Ici ncokondweretsa makamaka kwa amai amene amapita ndi cimangaco ku cigayo, ndiponso cicotsa ngozi ya mapiritsi a utsi wakupha amene anthu ena amaika m'masaka m'nyumba yogona ana, kumene kuli koopsa kopambana.

Thumba likhale pa matabwa kapena pa mitengo, losakhudza khoma, kutali ndi dzuwa ndi moto, ndi pa malo osesedwa kuti makoswe asayandikire. Lisamasulidwe kawiri-kawiri, cimanga ca kudya masabata ano cikhale m'saka lina. Kumene kuli nankafumbwe wamkuru mlimi acite cangu, atonole ndi kutsekera cimanga cisanagwidwe kwambiri, pakuti ameneyu nthawi zina amaboola pulasitiki wa m'kati asanafe.

Mtengo wa thumba limeneli uposa wa saka wamba, ndipo mlimi ayenera kuwerengera yekha, osaiwala kuti thumba losamalidwa bwino ligwira nchito zaka zitatu kapena kuposa, ndi kuti sadzagulanso mankhwala. Ciboo cacing'ono cimatidwe ndi tepi. Pulasitiki akang'ambika kwambiri asaikidwenso mbeu, koma saka la kunja likali ndi nchito yace ya kunyamulira mbeu ku msika.