N'chifukwa chiyani anamwino amadzutsa wovulala usiku?

 Lero tikambirana za m'bale wathu amene wavulala pangozi n'kugonekedwa m'chipatala. Mwina wagwa pa njinga yamoto, mwina chapa yagubuduka, mwina wagwa mumtengo wa mango, kapena ngolo yamuponda.

Ambiri a ife tinagonapo pansi pambali pa bedi la wodwala wotere. Ndipo dandaulo limakhala limodzi: munthu wangopeza kumene tulo, anamwino abwera kudzamudzutsa, kumufunsa dzina, kumuunika m'maso ndi tochi. Pakapita kanthawi abweranso. Kodi n'kuvutitsa wodwala? Ayi. Bala limene limapha nthawi zambiri si looneka ndi maso. Limakhala m'kati, ndipo limadzionetsa patapita maola. Anamwino amabwerabwera kuti alipeze nthawi isanathe.

Tiyambe ndi mutu. Munthu akamenyetsa mutu, magazi akhoza kumatuluka pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza n'kumapanikiza ubongo. Poyamba amayankhula bwinobwino, mwinanso kuseka kumene, kenako amayamba kuwodzera n'kukomoka. N'chifukwa chake anamwino amaona zinthu zitatu: ngati akutsegula maso, ngati akuyankha zomveka, ndiponso ngati akusuntha manja ndi miyendo akauzidwa. Amalemba nambala yoyambira pa 3 kufika pa 15. Munthu amene ali bwino amapeza 15. Nambala ikamatsika, adokotala amaitanidwa msanga. Tochi ija ndi yoonera kamwana ka diso, kakuda ka pakati kaja. Kamodzi kakakula kuposa kanzake, kapena kakasiya kuchepa pounikidwa, ndiye kuti mwina ubongo wapanikizika. Inu amene mukudikirira wodwala, thamangani mukanene ngati akusanza mobwerezabwereza, akuyankhula zosokonekera, akugwa ngati wa khunyu, akuvuta kudzutsa, kapena ngati madzi kaya magazi akutuluka m'khutu kapena m'mphuno.

Chachiwiri ndi magazi otayikira m'kati. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposa ikhoza kutayikira m'ntchafumo popanda dontho logwa pansi. Kapamba nayenso amaphulika msanga, makamaka kwa ife amene malungo anatitupitsa kapamba. Choncho anamwino amawerenga kugunda kwa mtima, kumene kwa wamkulu kumakhala pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Amawerenga kupuma, kumene kumakhala pakati pa 12 ndi 20 pa mphindi, ndipo amayeza kuthamanga kwa magazi. Amaonanso mkodzo. Mkodzo ukachepa kwambiri, impso sizikulandira magazi okwanira. Ngati wodwala amuika kapaipi ka mkodzo, musataye za m'thumbamo anamwino asanaone ndi kulemba. Mukaona kuti wodwala akutuluka thukuta lozizira, zikhatho ndi milomo zayera, mimba yatupa kapena yauma gwa, akumva ludzu kwambiri ndipo akusowa mtendere, itanani anamwino nthawi yomweyo. Akakupemphani magazi, abale musathawe.

Pa nkhani ya ludzuyi, timvetsetsane bwino. Anamwino akanena kuti wodwala asadye kapena kumwa, musamupatse phala, thobwa kapena tiyi mobisa. Mwina akudikirira opaleshoni. Munthu akagonetsedwa ndi mankhwala m'mimba muli chakudya, akhoza kusanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Madzi amene thupi likufuna akulandira kudzera mu soro wa pamkono uja.

Chachitatu ndi mwendo kapena mkono umene aumanga chikhakha. Pamene pathyoka pamatupa, koma chikhakha sichitambasuka. Kutupako kukhoza kutseka njira ya magazi, ndipo m'maola ochepa mnofu umayamba kufa. N'chifukwa chake anamwino amagwira zala, amazitsina, amafunsa ngati wodwala akumva. Zala zikazizira, zikayera kapena kuda, zikachita dzanzi, kapena ululu ukamakulirakulira ngakhale wamwa mankhwala, musadikire kuti kuche. Kanene usiku womwewo, chifukwa kuchedwa kumadulitsa mwendo.

Chachinayi ndi msana ndi khosi. Ngati akukayikira kuti msana wavulala, musamukhazike wodwala, musamunyamule kupita naye kuchimbudzi, musamuikire pilo anamwino asanalole. Pomutembenuza pamafunika anthu angapo, kuti mutu, khosi ndi thupi zitembenukire pamodzi ngati chipika. Wodwala aliyense amene sangathe kudzitembenuza yekha amafunika kusinthidwa kagonedwe pa maola awiri aliwonse. Akapanda kutero amachita zilonda m'chiuno, m'matako ndi kuzidendene. Nsalu zake zikhale zouma, zopanda makwinya. Pemphani anamwino akuonetseni katembenuzidwe kake.

Za mabala, musamasule bandeji kuti alendo aone. Musapakepo mankhwala azitsamba, phulusa kapena dothi. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire wodwala. Bala likayamba kununkha, kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha, nenani. Funsaninso ngati wabayidwa jakisoni woteteza kafumbata.

Pomaliza, tikudziwa kuti kunyumba kuli ana, kumunda kuli ntchito, ndipo ndalama ya chakudya imatha. Komabe musatulutse wodwala chifukwa choti akuyankhula bwino lero. Akanena kuti asamutsidwe kuchoka kuchipatala cha Ulónguè kupita ku chipatala chachikulu cha Tete, vomerani, pakuti kumeneko kuli zida ndi madokotala ena. Anamwino amakhala ochepa, odwala ndi ambiri, ndipo amene amakhala pabedipo usana ndi usiku ndinu. Mukaona kusintha kulikonse, ngakhale kukuoneka kochepa, musachite manyazi kukagogoda. Auzeni zimene mwaona ndi nthawi imene zayamba.

 Mukawauzeko anzanu amene alibe wailesi, ndipo tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.