Mau kwa Opuma pa Nchito Amene Mpingo Wawatuma Kukaphunzitsa za Umoyo Kunja kwa Dziko

 Ena mwa inu munali anamwino, ena aphunzitsi. Tsopano mwapuma pa nchito, ndipo mpingo wakutumani kukaphunzitsa za umoyo m'midzi ya ku Mozambique ndi ku Malawi, kupyola malire a Chanida ndi Mwami. Nchito imeneyi si yacilendo. Zipatala za St Francis ku Katete, Nyanje, Minga ndi Mwami zinayambidwa ndi amishoni amene anasiya kwao. Lero amishoniwo ndinu.

Coyamba, dzitetezeni inu eni. Ambiri mwakhala mu Lusaka zaka zambiri, kumene malungo ndi ocepa. Mphamvu yolimbana ndi malungo imene thupi lanu linali nayo muli kumudzi inacepa kale. Musanene kuti, "Ine ndinakulira m'malungo." Musananyamuke, kaonaneni ndi adokotala za mankhwala oteteza, makamaka ngati muli ndi matenda a shuga kapena BP. Tengani neti yanu ndipo muzigonamo usiku uliwonse. Anthu akaona kuti mphunzitsi sagona m'neti, iwonso sadzagonamo.

Caciwiri, mukafika, kadzionetseni kwa amfumu ndi ku cipatala capafupi. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake a zaumoyo. Musagawe mankhwala amene mwatenga kuno. Nchito yanu ndi kuphunzitsa ndi kutumiza odwala kwa anchito a zaumoyo a kumeneko.

Nanga muphunzitse ciani? Malungo amabwera ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma kwambiri usiku. Sabwera cifukwa ca kudya mango osapsa kapena kunyowa ndi mvula. Neti ndi yogonamo, si yogwirira nsomba kapena kuchingira dimba. Opopera mankhwala akabwera, awatsegulire nyumba.

Thupi likatentha, munthu apimidwe magazi pasanathe maola 24. Akapezeka ndi malungo napatsidwa Coartem, amwe kawiri pa tsiku kwa masiku 3, atadya cakudya, ndipo amalize onse ngakhale atayamba kupeza bwino. Amai apakati ayambe sikelo msanga kuti alandire Fansidar. Mwana amene akukomoka, akusanza ciliconse kapena akulephera kuyamwa, athamangire naye ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Comaliza ndi cimene inu mungacite koposa ife a boma. Usiku wina adzakugogoderani ndi mwana wotentha thupi, nadzati, "Tipempherereni." Ena adzakhala akuganiza kuti mwanayo walodzedwa. Musawaseke, ndipo musawakanize pemphero. Pempherani mwacidule, kenaka nenani kuti, "Tiyeni ku cipatala, ndikuperekezani." Mau amenewa akacokera kwa munthu wa imvi amene amamukhulupirira pa za Mulungu, makolo amanyamuka. Malungo aakulu angaphe mwana m'tsiku limodzi kapena awiri.

Pobwerera kuno, thupi likatentha ngakhale patapita milungu, kapimitseni ndipo muwauze anamwino kumene munali. Tikufuna mubwerere amoyo, kuti caka camawa mudzapitenso. Muyende bwino, makolo anga.